Tisanamizire kompyuta, ng'oma tidaitaya tokha

Kuli kulira kwina kumene kwafala m'tauni masiku ano, ndipo kwafika ndi kuno kwathu ku Malomo kudzera pa wailesi ndi pakamwa pa abale athu obwera kudzaona makolo pa Khirisimasi. Akuti nyimbo za Amalawi zafa, ndipo wazipha ndi kompyuta. Akuti mnyamata wa lero sadziwa chida chilichonse, amangodzitsekera m'kachipinda n'kumadinadina laputopu, pakutha pa ola limodzi nyimbo yapsa. Mankhwala ake, akutero akuluakuluwo, n'kubwerera ku zida zenizeni, ndipo akati zida zenizeni amanena chikiyibodi chachikulu cha mabatani ambirimbiri, chija chimafuna anthu awiri kuti achikweze pa galimoto. Ine ndikukana. Ndikukana poyera ndithu, ndipo ndifotokoza zifukwa zanga, poti nkhaniyi si yongotayira nthawi pa bawo ayi, ikudya ndalama za anthu osauka.

Ndine mmodzi mwa anthu amene timaphunzitsa makwaya m'midzi ya kuno ku Ntchisi, choncho ndimadziwa kumene ndalama yogulira chida imachokera. Imachokera ku soya, ku mtedza ndi ku fodya. Amayi amapita kukapalira m'munda mwa munthu, achinyamata amaumba njerwa, mpingo umachititsa pepa sande kawiri katatu, mpaka kathumba kaja kalemereko. Ikasonkhana ndalamayo pamabuka funso loti tigule chiyani, ndipo kawirikawiri yankho limachokera kwa mwana wa m'mudzi momwemo amene amakhala ku Area 25 kapena ku Ndirande. Iye amangoti gulani kiyibodi yaikulu, zinazo n'zachibwana. Kwaya ikaphonya pamenepa imadikira zaka zitatu kapena zinayi kuti idzapezenso mpata wina. Ndiye tiyeni tiikambe modekha nkhaniyi, paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Poyamba ndifunse: kodi inu amene mukunyoza kompyuta mudatsegulapo kiyibodi yanu n'kuona zimene zili m'kati? Chida chimene azungu amati synthesizer ndi makina opanga mawu ndi magetsi, popanda chikopa, popanda nsambo, popanda mpweya wa munthu. Zoyambirira, monga Minimoog ya Robert Moog imene idatuluka mu 1970, zinkapanga mawu ndi mphamvu ya magetsi yoyenda m'tizipangizo, ndipo ndikuvomera kuti zimenezo zili ndi kaliridwe kakekake kamene anthu olemera a kunja amakalipirira ndalama zankhaninkhani. Koma ndani mwa ife adaionapo Minimoog pa kwaya ya ku Mponela kapena ku Madisi? Zimene tili nazo ife n'zidzukulu za makina ena. Mu 1983 kampani ya Yamaha idatulutsa DX7, imene idagulidwa zoposa 200,000 padziko lonse. M'kati mwake munali titchipi towerengera masamu, motsata njira imene John Chowning adaitulukira pa yunivesite ya Stanford mu 1967. Mu 1988 kudabwera Korg M1, yosunga mawu ojambulidwa kale a piyano, a limba, a malipenga ndi a ng'oma, onsewo m'kamalo ka mamegabaiti 4 okha, kukula kwake ngati nyimbo imodzi ya pa foni yanuyo. Makiyibodi amene timawaona m'matchalitchi mwathu amagwira ntchito motero. Ukadina batani, kakompyuta ka m'katimo kamawerengera n'kutulutsa mawu. Kiyibodi yanuyo, achimwene, ndi kompyuta yovala jekete.

Zitatero, anthu ena adangoganiza zoti masamu omwewo angathe kuwerengedwa ndi kompyuta wamba. Kampani ya Steinberg ya ku Hamburg idayambitsa njira yotchedwa VST mu 1996, ndipo pofika 1999 zinali zotheka kuika synthesizer yathunthu m'kompyuta ngati pulogalamu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 komweko Didier Dambrin adalemba FruityLoops ku kampani ya Image-Line ya ku Belgium, imene mu 2003 idasintha dzina kukhala FL Studio, ija anyamata athu amangoti Fruity. Eni ake a Korg adayamba kugulitsa M1 yawo ngati pulogalamu mu 2005. Palinso pulogalamu yaulere yotchedwa Dexed imene imawerenga mawu a DX7 n'kuwaliza. Nanga ngati mwini wake wa chida wanena yekha kuti chidachi chikhoza kukhala m'laputopu, inu a ku Area 25 mukukanira chiyani? Mukulira maliro kuposa namfedwa.

Chachiwiri, tikumbutsane mbiri, poti ena a ife tikuoneka kuti taiwala msanga. Mu ulamuliro wa chipani chimodzi, woimba wofuna kuti mawu ake amveke m'dziko muno khomo lake lalikulu linali situdiyo ya MBC ku Blantyre, ndipo khomolo linali lopapatiza. Mphepo itasintha, referendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994 zitadutsa, nyimbo zidasefukira, ndipo mtsinje waukulu udachokera ku Balaka. Kumeneko kunali Alleluya Band, imene idayamba mu 1978 pa parishi ya Katolika, ndiponso situdiyo ya Imbirani Yahwe ya Paul Banda, ija ambiri ankangoti IY. Mng'ono wake, Lucius Banda, amene adatisiya mu June 2024, adayamba ndi chimbale cha Son of a Poor Man pa nthawi yomweyo ya kusinthako. Pambuyo pake tidamva a Billy Kaunda, a Mlaka Maliro, a Charles Sinetre ndi ena otero, makaseti awo akugulidwa ngati zitumbuwa kwa O.G. Issa ku Limbe. Msana wa kaimbidwe kameneko unali kiyibodi ndi ng'oma za makina. Ndipo ndikukumbuka bwino zimene akuluakulu a nthawi imeneyo ankanena. Ankati izi si nyimbo, ndi makina. Ankati kiyibodi yalanda ntchito woimba besi ndi woimba ng'oma. Ankati nyimbo zonse zikufanana. Mawu omwewo, osasintha ndi limodzi lomwe, ndi amene lero akuponyedwa pa laputopu.

Chimene chidachitika nthawi imeneyo n'chakuti makina otsika mtengo adatsegulira khomo mwana wa munthu wosauka, amene sakadatha kulipira bandi ya anthu asanu ndi awiri kwa mlungu wathunthu. Kompyuta yangokulitsa khomo lomwelo kuti alowenso mwana wa ku Malomo, wa ku Nambuma ndi wa ku Bowe. Tsono amene adalowera pa kiyibodi akufuna kutseka chitseko iwo atalowa kale. Zimenezo ndiye ayi.

Ndiponso tisanamizane za amene adachotsa ng'oma m'kwaya. Kompyuta isanafike n'komwe m'midzi muno, kiyibodi inali itamaliza kale ntchito imeneyo. Pa kiyibodi pali kabatani kamene ukakadina, chala chimodzi cha kumanzere chimaliza ng'oma, besi ndi gitala nthawi imodzi. Palinso kena kotchedwa transpose, kamene kamalola munthu wodziwa kiyi imodzi yokha kuimba moyo wake wonse osaphunzira ina. Pitani pa chikondwerero cha makwaya paliponse kuyambira ku Mvera mpaka ku Nthondo, mukamve makwaya khumi motsatizana. Mawu a nyimbo ngosiyana, mayunifolomu ngosiyana, koma ng'oma ndi imodzi, yochokera m'bokosi limodzi, pa liwiro limodzi. Mdala amene ankawamba ng'oma kuseri kwa tchalitchi tidamuuza kuti apume kaye, ndipo akupumabe mpaka lero. Mlandu umenewu ngwathu, ndipo chida chimene tidagwiritsa ntchito ndi chomwecho mukuchitcha chenichenicho.

Tibwere ku ndalama. Zida zonsezi zimagulidwa kunja ndi madola kapena marandi. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo thumba la soya silidakwere mofanana ndi kiyibodi. Kwaya ikatsanulira chuma chake chonse pa chikiyibodi chimodzi, yagula mawu okhawo amene adaikidwamo ku fakitale tsiku limene chidapangidwa. Sichijambula bwinobwino mawu a anthu makumi atatu, sichisakaniza nyimbo mpaka kufika poti n'kuulutsidwa pa wailesi, ndipo pamapeto pake kwayayo imasonkhanso ndalama ina yokwerera galimoto kupita ku situdiyo ya m'tauni, kumene ikakapeza mnyamata atakhala pa kompyuta yomwe ija ankainyoza. Tsiku limene chidacho chadwala ndiye mumadziwa kuti Malomo ili kutali. Fumbi la mwezi wa October limalowa pansi pa mabatani, mphemvu zimamanga mudzi m'kati, magetsi akabwera mwaukali adaputa imapsa, mwina n'kupsereza ndi bolodi lomwe. Ndidaonapo kiyibodi ya kwaya ina itakhala kwa mmisiri wina mumzinda kuchokera nthawi yokolola mpaka mvula yoyamba, kudikira kachipangizo kochokera ku Johannesburg, kwaya ikuimba ndi m'manja.

Laputopu nayo imafa, sindikukana. Koma amisiri a mafoni ndi malaputopu ali pa Mponela, ali pa Kasungu, ali pa boma, ndipo zipangizo zake zimapezeka poti makina otere ngochuluka. Kuwonjezera apo, ntchito yanu sikhala m'chitsulocho. Mukaisunga pa fulashi, laputopu ikafa mumabwereka ina n'kupitiriza pamene mudalekezera. Ikakhala kuti siikuimba, laputopu yomweyo imalemba makalata a mpingo ndi malipoti a kalabu ya alimi. Chimodzi chokha ndiwapatse anzangawa pa nkhani ya ndalama: kiyibodi yosamalidwa bwino imagulitsika ngakhale patapita zaka khumi, pamene laputopu yakale imatsika mtengo msanga ndipo pulogalamu n'kovuta kuigulitsanso. Koma kodi kwaya imagula chida kuti idzachigulitse, kapena kuti iimbe?

Ena akuti nanga magetsi? Funso labwino. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja 11 okha pa 100 alionse m'dziko muno ndi amene ankaunikira ndi magetsi, ndipo kumudzi chiwerengerocho chinali chotsika kwambiri. Namondwe wa Ana ataononga damu la Kapichira pa Shire mu January 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 mpaka mu 2023, ndipo tonse tikukumbuka mdima wake. Koma taganizani bwino, mfundo imeneyi ikuthandiza yani? Kakiyibodi kakang'ono kamayenda ndi mabatire 6 a tochi yaing'ono, kameneko ndiye kolimba pa mdima. Chikiyibodi chachikulu chilibe batire m'kati. Magetsi akathima chimathima pomwepo, pakati pa vesi, ndipo zimene munali musanasunge zapita. Laputopu ili ndi batire lakelake lotha maola angapo, ndipo sola ya padenga imene mabanja ambiri a pa Malomo akutchajira mafoni, ikakhala yokulirapo pang'ono ndi batire labwino, imaikwanitsa. Mdima ukuvotera kakiyibodi kakang'ono ndi laputopu, chachikulu chija chatsala chokha.

Tsono ndisakhale ngati wandale wosavomera chilichonse. Pali malo amene kiyibodi imapambana, ndipo imapambana ndithu. Pa ukwati, pa maliro, pa msonkhano wa chitsitsimutso, pa bwalo la fumbi dzuwa lili pamutu, mukufuna chida choti mukayatsa chilire nthawi yomweyo. Laputopu pa dzuwa sioneka, imatentha, ndipo imatha kuyamba zakezake mkwati ali pakhomo la tchalitchi. Palinso vuto lina limene oimba amalidziwa: ukadina batani, kompyuta imasonkhanitsa kaye timagawo ta mawu isanatitulutse, ndipo ngati mulibe kabokosi kabwino kolumikizira mawu, kuchedwako kumamveka m'zala, woimba n'kumakhala ngati akuyenda m'matope. Ndiponso zala zimaphunzira pa mabatani enieni. Mwana sangaphunzire kuimba ndi mbewa ya kompyuta.

Yankho lake lidapezeka kale mu 1983 momwemo, pamene Dave Smith wa ku America ndi Ikutaro Kakehashi wa kampani ya Roland adatsogolera mgwirizano wa chilankhulo cha makina oimbira chotchedwa MIDI. Chilankhulochi sichinyamula mawu ayi. Chimangonena kuti batani lakuti ladinidwa, mwamphamvu chotere, ndipo lasiyidwa nthawi yakuti. Ndiye kuti kakiyibodi kotsika mtengo, bola kakhale ndi polowetsa chingwe cha USB kapena cha MIDI, kakhoza kuliza synthesizer iliyonse ya m'laputopu. Lamulungu kapite kutchalitchi kokha ndi mabatire ake. Lolemba kabwerere pa tebulo, kalumikizidwe ku laputopu, kakhale zala za situdiyo. Wina anena kuti mapanga awiri avumbwitsa. Zoona, koma apa phanga ndi limodzi, makomo ndiwo awiri.

Tsopano ndifike pa mfundo imene yandilembetsa kalatayi, yoposa ndalama ndi magetsi. Tsegulani mndandanda wa masitayilo a pa kiyibodi yanu muwerenge. Mupeza ballad, polka, bossa nova, tango, reggae, march. Mundiuze tsamba limene pali chimtali. Mundiuze nambala ya mganda kapena ya chisamba. Yamaha idapangira amwenye kiyibodi yawoyawo, PSR-I455, yokhala ndi ng'oma zawo za tabla, ndipo idapangira Aluya mtundu wa PSR-A wotsata kayimbidwe kawo, chifukwa kumeneko ogula ngambiri. Ife ndife ochepa ndipo matumba athu ngobooka. Sindikuyembekeza kuti mmisiri wa ku Hamamatsu adzakwera basi ya ku Nkhotakota n'kutsikira pa Malomo kuti adzamve mmene amayi a kwa Chilooko amaombera m'manja. Makiyibodi odula amalola kuikamo mawu anu ndi masitayilo anu, zoona, koma malo ake ngochepa, ndipo pokonza mawuwo mumafunanso kompyuta yomwe ija.

Laputopu ndi maikolofoni imodzi yabwino zimachita chimene kiyibodi ya m'sitolo singachite. Mukhoza kupita kwa mdala uja tidamupumitsa, mumupemphe awambe mpanje wake pamoto, amate phula pa mbalule, ndipo mujambule kulira kulikonse, kwa pakati, kwa m'mphepete, kwa chikhatho, kwa zala. Mujambule badza wa anyamata a mganda, maseche, nthungululu, m'manja mwa amayi khumi. Mawu amenewo mukawayala pa mabatani, muli ndi chida chimene kulibe sitolo padziko lapansi imene ikugulitsa. Kuposa apo, mukhoza kumusiya mdalayo aimbe nyimbo yonse ndi manja ake, makina atsate iye. Ng'oma zathu zimayenda patatu popingasa pawiri, zimakoka pang'ono apa n'kuthamangira apo motsata phazi la wovina, ndipo sitayilo ya m'bokosi siidziwa phazi la munthu.

Nkhani ya machunidwe nayo ili pomwepo. Kiyibodi imagawa mtunda wa mawu m'masitepe 12 ofanana, monga mwa piyano ya ku Ulaya. Makolo athu ambiri sankachuna choncho. Katswiri wina, Wim van Zanten, adalemba mu 1980 za zida za Asena a ku chigwa cha Shire, kusonyeza kuti amagawa mtunda womwewo m'masitepe 7 otalikirana pafupifupi mofanana. Bangwe kapena valimba wochunidwa chotero ukamuimbira pamodzi ndi kiyibodi, anthu amati mdalayo waphonya, chikhalirecho wophonya ndi makinawo. Mapulogalamu ena, monga Surge XT imene ili yaulere, amalola kuchuna batani lililonse mmene mwini nyimbo akufunira. Motero makina akhoza kugonjera khutu la agogo, m'malo moti agogo azigonjera makina.

Taonani zimene anzathu a ku South Africa adachita. Besi yogunda ija ya amapiano, imene amaitcha log drum, idachokera m'kapulogalamu kakang'ono ka mu FL Studio kotchedwa Fruity DX10, kogwira ntchito ndi masamu a mtundu womwe uja wa DX7. Anyamata a m'makomboni a Pretoria ndi Johannesburg adakapinda mpaka kadayamba kulankhula chilankhulo chawo, ndipo pofika 2020 dziko lonse linali likuvina. Sadadikire chikiyibodi cha mamiliyoni. Kuno kwathu Tay Grin adaonetsa kuti ng'oma za gule zikhoza kukhala pansi pa nyimbo za makono anthu n'kuzilandira. Madalitso Band, anyamata awiri a m'misewu ya Lilongwe okhala ndi babatoni wopanga okha, afika pa mabwalo a ku Ulaya. Akunja salipira kuti amve polka yawo yomwe ikuimbidwa ndi Mchewa. Hugh Tracey adayenda m'dziko muno mu 1950 ndi mu 1958 ndi galimoto yodzaza makina olemera, kujambula nyimbo za makolo athu, ndipo zojambulazo zikusungidwa ku yunivesite ya Rhodes ku South Africa. Lero makina oposa amenewo akukwana m'chikwama cha mwana wa sukulu. Nanga ndani akujambula oimba ng'oma a kwa Kalumo, a kwa Kasakula, a kwa Msakambewa ndi a kwa Dzoole asanapite kuli chete?

Apa ndichenjeze pang'ono. Gule wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamulemekeza mu 2005, ali ndi eni ake ndi malamulo ake. Laputopu si chiphaso cholowera kudambwe. Za pabwalo mupemphe kwa mfumu ya mzinda, za kuseri muzisiye kuseri, ndipo woimba ng'oma amene mwamujambula alipidwe, dzina lake limveke. Makwaya amene mipingo yawo siigwirizana ndi gule asadandaule, chimtali, mganda, nyimbo za pamtondo ndi m'manja mwa amayi n'zokwanira kudzaza zimbale zambirimbiri.

Inunso anyamata a malaputopu musaombe m'manja msanga, poti mbali ina ya mkwapulowu ndi yanu. Akuluakulu aja akulakwitsa pa chifukwa, koma khutu lawo silikunama: nyimbo zambiri zimene mukutulutsa zikufanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Muli ndi chida chotha kuliza mawu alionse pansi pa thambo, koma nonse mukutsegula bokosi limodzi la mawu okonzedwa kale, kutenga log drum yomweyo, kukopera biti ya ku Lagos kapena ya ku Soweto, n'kuikapo Chichewa pamwamba ngati chigamba. Mwatenga ulesi wa kabatani ka sitayilo n'kuusamutsira pa sikirini. Kompyuta ili ndi mizere imene imakokera kugunda kulikonse pamalo ofanana, ndipo inu simudayesepo kuizimitsa. Auto-Tune, imene idatuluka mu 1997 kuti izikonza pamene woimba waterereka pang'ono, mwaisandutsa ndodo yoyendera munthu wa miyendo yabwinobwino. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndipo pali nkhani ya umbava, imene sitiikamba poyera. Mapulogalamu ambiri amene ali m'masitudiyo a m'makwalalamu ngothyoledwa, ochokera pa fulashi ya mnzako amene adatenganso kwa mnzake. Woimba yemweyo mawa ali pa wailesi kulira kuti oberna nyimbo pamsika akumudyera thukuta, a COSOMA achitepo kanthu. Bwanawe, thukuta ndi lako lokha? Ndikudziwa kuti kugula pulogalamu pa intaneti kumafuna khadi la kubanki ndi ndalama zakunja zimene zimasowa ngakhale kwa amalonda akuluakulu. Koma njira zoyera zilipo. LMMS ndi yaulere, Audacity ndi yaulere, Surge XT ndi Dexed n'zaulere, Vital ili ndi mtundu waulere. Amene wakwanitsa kugula FL Studio amalandira zosintha zake zonse osalipiranso. Pulogalamu yothyola imabwera ndi mavairasi ake, ndipo tsiku limene idzadye chimbale cha kwaya imene idagulitsa soya kuti ikulipireni, mudzawauza chiyani amayi aja? Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka, nanga yakuba?

Phunziraninso kuimba ndi manja. Pitani ku Dzaleka, kwa anansi athu a ku Dowa konkuno, kumene chikondwerero cha Tumaini chidayambira mu 2014, mukaone ana a ku Congo, a ku Burundi ndi a ku Rwanda mmene amagwirira gitala. Kompyuta imalemba zimene mwaiuza basi. Ngati zala zanu ndi khutu lanu zilibe kanthu, idzalemba kupanda kanthu komweko mwaukhondo kwambiri.

Ndiye kwa makwaya, magulu a achinyamata ndi makomiti a mipingo amene kathumba kawo kalemera chaka chino, malangizo anga ndi awa. Musatsanulire zonse pa chikiyibodi chimodzi chifukwa choti chikuwala pa shelefu. Gulani kiyibodi yapakatikati, yolimba, yoyenda ndi mabatire, yokhala ndi polowetsa chingwe cha kompyuta. Yotsalayo igule laputopu yogwirapo kale ntchito koma yamoyo, maikolofoni imodzi yabwino, kabokosi kolumikizira mawu, mahedifoni, ndi fulashi ziwiri zosungira ntchito, imodzi izikhala kwa mlembi. Musankhe achinyamata awiri, mtsikana ndi mnyamata, aphunzire makinawo, kuti wina akapita ku Joni luso lisapite naye. Ndipo patulani kenakake ka mdala wa ng'oma uja, mumuitane abwerere.

Kwa inu akuluakulu a m'tauni amene mukulira kuti nyimbo zafa, kulira kwanu ndakumva, ndipo mbali ina ndikulira nanu. Koma mukadzabweranso pa Khirisimasi musadzatiuze za mtundu wa kiyibodi yoti tigule. Mudzabwere ndi laputopu ija ili m'kabati ya ku ofesi kwanu chifukwa mwagula yatsopano, mudzaisiye kwa ana a kwaya. Oimba ng'oma a m'mapiri muno akukalamba, ndipo ambiri mwa iwo palibe adawajambulapo ndi kamodzi komwe.